Mpira wa Nsanza Pakhomo pa Mkazi Mnzanga

Chaka chimene mwamuna wanga anapeza golide m'maenje a kuseri kwa Fingoe, anagula mota, njinga yamoto ija, anagula kanema, kenako anabweretsa mkazi. Mota ndinakwerako pang'ono mpando wakumbuyo usanapeze mwini wake watsopano. Kanema sanalowe m'nyumba mwanga. Mkaziyo anamumangira nyumba ya malata tsidya la njira, khomo lake kuyang'anana ndi langa, moti ndikatuluka m'mawa kukataya madzi osukusula, woyamba kumuona anali iyeyo akudziwongola pakhonde. Kanali kamtsikana koti ndikanatha kukabereka ine, kosalala, ka zikhadabo zopaka utoto wofiira. Akulu ampingo anabwera, analankhula, anamwa thobwa langa n'kumapita. Palibe chinasintha.

Za mwamunayo sindinalire nthawi yaitali, ndisaname. Munthu amene ndinasoka naye fodya m'chigafa zaka zonse zija, manja athu ali bii, ngati waona kuti mphasa yanga yamuchepera, apite. Chimene chinandilasa ndi mwana. Ana anga aakulu anali atakula kale n'kubalalika, ndinatsala ndi mzime wanga, mtsikana amene mano ake akutsogolo anali atangogweluka kumene. Ameneyo ndiye anayamba kuwoloka njira.

Mkazi mnzangayo anali waulesi, koma sanali wopusa. Nthawi yokolola mwamuna wathuyo, poti tsopano anali wathu, anagula chimanga chosatongola chambiri kwa alimi a cha ku Chipera kuti adzagulitse njala ikadzafika. Ngolo zinkabwera n'kumakhuthula pakhonde paja. Woti atongole anali mkaziyo, ndi zikhadabo zake zija. Ndiye anapeza nzeru. Anauza ana a m'mudzi kuti aliyense wofuna kuonera kanema abwere, sapereka kanthu, kungoti aliyense akhale ndi lichero la chimanga pamiyendo. Poti kuwala kwa panja kunkaononga zithunzi, mazenera anawatseka ndi masaka, chitseko n'kukankhira. Ana ankathithikana mmenemo kuyambira poweruka kusukulu mpaka dzuwa kupendeka, maso pa kanema, zala zikutongola, fumbi la chimanga lili koboo chipinda chonse.

Mudzi unangoti zii. M'mitengo ya masau simunkaonekanso mwana, mbuzi zinkayenda mwaufulu ngati zapatsidwa mudzi. Amayi anzanga anakondwa nazo. Ankati bola ana ali m'nyumba kusiyana n'kuti azikazungulira ku maenje a golide, kumene mwana akhoza kugwera osamvekanso. Mantha amenewo ndinkawamvetsa. Koma iwo ankaona ana akulowa, ine ndinkaona chimene chinkatuluka mmenemo.

Wanga ankabwera maso ali psuu, zala zamanthu zili matuza okhaokha. Chakudya ankangonyomola pang'ono n'kuti wakhuta, poti uko ankamupatsa mabisiketi ndi timadzi totsekemera tofiira. Anayamba kutsokomola chifuwa chouma chija chosatulutsa kanthu, ndipo akamapuma munkamveka kakulira m'kati. Tsiku lina mbuzi zinalowa m'dimba ine ndili ndi ndowa pamutu, ndinamuuza kuti athamange akazipirikitse. Anathamanga mpaka pa nkhokwe basi, n'kuima, manja m'mawondo, akupuma ngati nkhalamba yokwera phiri. Miyendo yake ndinaiyang'ana bwino tsiku limenelo. Inali yowonda, yotuwa, ndipo ndinachita mantha.

Ndinamukweza panjinga kupita naye kuchipatala. Namwino, mayi wachikulire wosanyengerera, anamumvetsera pachifuwa ndi pamsana, kenako anandifunsa kumene mwanayo amaswera. Nditafotokoza anapukusa mutu. Mankhwala anatipatsa, koma anati mankhwalawo sangalimbane ndi fumbi la m'chipinda chotseka.

"Mutulutseni mmenemo, mayi," anatero. "Azithamanga panja, azituluka thukuta, azibwera ndi njala. Mukamusiya momwemo, mudzatitopetsa kuno."

Ndinamuletsa mwanayo kuwoloka. Analira tsiku lonse, mawa lake anadzera kuseri kwa nyumba za anthu n'kukalowera khomo lakumbuyo. Ndinamukalipira, anandiyang'ana ngati ndine mfiti. Pamenepo ndinamanga chitenje n'kuwoloka njira ndekha, ulendo wanga woyamba kuponda pakhomo paja. Mwamuna ndinamupeza akupukuta mota yake ndi kansalu, mosamala kuposa mmene anapukutirapo mwana aliyense.

"Inu abambo ake, mwana akudwala ndi fumbi la m'nyumba umu. Achipatala anena."

"Akudwala chiyani?" anayankha osadzutsa mutu. "Ana akuphunzira Chiputukezi pa televizawu apa. Kapena iwe ufuna akhale mbuli ngati ife?"

Ndisanayankhe, mkazi mnzanga anatuluka akupukuta m'manja ngati munthu amene amagwira ntchito.

"Mana," anatero, poti ndi mmene ankanditchulira, kutanthauza achemwali, ngati ndinamuuzapo kuti ndikusowa mng'ono. "Mwanayu ine sindimuitana. Amabwera yekha. Mwina kwanuko kulibe chomusangalatsa."

Ananena mofatsa, akumwetulira, mutu atapendeketsa. Akanandilalatira bwenzi nditamulalatiranso n'kuiwala. Koma mawu ofatsa aja anandilowa mpaka m'mafupa, chifukwa ndikayang'ana kwanga kunalidi zii, kunali ine, nkhuku ndi chigafa chopanda fodya. Ndinatembenuka kubwerera kwanga. Ndili pakati pa njira, pakati pa makomo awiriwo, ndinalumbira kuti nyumba imene ija ndidzaikhuthula mpaka mutsale iye yekha ndi zitsononkho zake. Sindinapemphere kuti Mulungu andichotsere mkwiyo. Ndinkaufuna mkwiyowo, ndipo ndinausunga bwino.

Sola ndinalibe, kanema ndinalibe. Chimene ndinali nacho ndi bwalo. Malo a pakati pa nyumba yanga ndi njira anali a malemu amayi anga, iwo ndi amene anagwetsa mitengo pamenepo titabwerera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha. Ndipo ku Zambia kuja, kumene tinakhala opanda munda wokwanira, opanda chidole, ife atsikana tinkaswera masewera a botolo mpaka amayi athu kutitenga ndi kamtengo. Obwera kuchokera ku Malawi amati fulaye, akuno amati sheya, mawu a Chiputukezi otanthauza kuti botolo ladzaza. Awiri amaima uku ndi uku kuponyerana mpira, pakati pamakhala gulu lozinda, ndi botolo lopanda kanthu pa mulu wa mchenga. Mpira ukakukhudza wafa, ukakhale pambali. Mpira ukapita kutali, otsalawo amathamangira kuthira mchenga m'botolo. Ine pa masewera amenewo ndinali woopsa. Atsikana ankakanganirana kuti ndikhale mbali yawo.

Mpira sunandivute. Kuno mwamuna wamitala akagulira mkazi mmodzi nsalu, amagulira winayo yofanana ndendende, kuti pasakhale nkhani. Wathuyo anali atandibweretsera kapulana yobiriwira ya maluwa achikasu, yomweyo imene mnzanga ankanyada nayo kumsika. Ndinali ndisanaivalepo, ndipo sindinkafuna kuti anthu azitiona ngati ana amapasa. Ndinaitulutsa m'chikwama n'kuing'amba timizeremizere. Tina ndinakulunga mpira wolimba, tina ndinapota chingwe chodumpha. Kulira kwa nsalu yatsopano ikamang'ambika kunandikomera kwambiri.

Ndinalambula bwalo, ndinazula zitsa, ndinasenza mchenga wa kukhwawa m'ndowa mpaka khosi kuuma. M'mawa uliwonse ndinkawaza madzi pansi kuti pasamabuke fumbi, poti fumbi ndilo linayambitsa zonse. Botolo ndinatola la mowa limene mwamuna yemweyo anataya kalekale kuseri kwa chigafa. Zonse zitakonzeka ndinaima pakati pa bwalo kudikira ana, ndipo sipanabwere ngakhale mmodzi.

Ndiye ndinayamba kusewera ndekha. Mayi wamkulu, wa imvi zoyamba m'mutu, kudumpha chingwe masana dzuwa likuswa mtengo, ndikudziimbira ndekha nyimbo za ku ubwana. Odutsa panjinga ankachita kutembenuka mpaka kulowa m'tchire. Mbiri inamveka kuti mayi uja wapenga ndi nsanje. Amayi a kumpingo anatuma mmodzi wa iwo kudzandifunsa ngati ndikufuna pemphero, ndinamuuza kuti andipempherere mawondo. Mkazi mnzanga ankatuluka pakhonde, kundiyang'ana, kuseka, n'kubwereranso m'kati kwa antchito ake.

Koma ine ndinkadziwa chimene ndinkadikira. Nthawi yotongola chimanga ndi nthawi yozizira, ndipo kuno kumapiri pamabwera masiku a mitambo, mwera ukuwomba, dzuwa osaoneka. Kanema uja ankadya moto wa sola ya padenga. Mitambo itagundana masiku angapo, batire linafooka, ndipo masana ena, filimu ili pakati, zithunzi zinazima. Ndinamva kudandaula kwa ana onse pamodzi ndili kwanga. Chitseko chinatsegulidwa, anatuluka akutsinzinatsinzina, ali mbuu ndi fumbi, osadziwa kolowera.

Ndinali nditaima kale m'mbali mwa njira, mpira uli m'manja. Ndinasankha mtsikana wamkulu pa onse, wamtali, amene anzake ankamumvera. Ndinamugenda pamsana. Phu!

"Wafa," ndinatero.

Anatembenuka modabwa. "Ndafa bwanji, amayi?"

"Wafa basi. Ukanakhala ndi miyendo ukanazinda. Koma inu miyendo munaisiya m'lichero."

Anatola mpira mokwiya n'kundigenda. Ndinangopendeka pang'ono, unadutsa. Ana anaseka. Anautolanso, anagendanso, ndinadumpha, unadutsa pansi panga, ngakhale bondo lakumanzere linandiuza mawu. Pamenepo aliyense anafuna kuyesa kugenda mayi wopengayo, ndipo ine ndinkabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, iwo akunditsatira, mpaka tonse tinapezeka tili pa mchenga wanga. Zinandimvetsa chisoni kuona kuti ana aakulu ndithu sankadziwa n'kuponya komwe. Ankaponya ngati akuthamangitsa ntchentche. Koma pofika madzulo botolo linali litadzaza n'kukhuthulidwa kambirimbiri, ndipo amayi awo anachita kudzawatenga.

Dzuwa litabwerera, batire linadzukanso, ndipo ena anabwerera ku malichero awo. Sindinade nkhawa. Amene anatsala ndinawauza kuti aziimba mokweza, azikuwa akapha mnzawo, aziseka osaumira. Phokoso limenelo linkalowa m'nyumba ya malata ija kudzera m'masaka momwemo. Mwana sangakhale pansi akumva anzake akukuwa panja. Ankatuluka mmodzimmodzi, ati akukataya madzi, osabwereranso. Masiku a kamvula kowaza ndi mphepo yozizira ndinkawalowetsa m'chigafa. Pa mitengo imene tinkapachikapo fodya ndinamangapo katungwe, pansi tinakumba timaenje ta phada, anyamata ankapikisana kulendewera ndi manja kuchokera mtengo uno kufika uko. Chigafa chimene ndinkachiyang'ana ndi mtima wowawa chinayamba kugwedezeka ndi ana.

Sindinkawapatsa kanthu kupatula madzi akumwa. Amayi anzanga anayamba kudandaula zina. Uyu akuti malaya a mwana wake ang'ambika, uyo akuti wake akumaliza ndi chakudya cha mawa chomwe. Mmodzi anabwera kudzandikalipira za chotupa cha pachipumi cha mwana wake, koma atafika anapeza mwana yemweyo ali pa katungwe akukana kutsika, ndipo mayiyo anamaliza ndi kupukusa chingwe mpaka mkono kutopa.

Tsidya lija mulu wa chimanga unangoima. Anankafumbwe anayamba kuulawa. Ndinkamuona mkazi mnzanga pakhonde akutongola, utoto wa zikhadabo ukusupuka, akuyang'ana zala zake ngati zamulakwira. Ndinkadutsa dala pafupi ndi ndowa yanga, n'kumupatsa moni ndi ulemu wonse.

"Mwaswera bwanji kumeneko? Ntchito ikuyenda?"

Zimenezo zinkanditsekemera, koma sizinkandikhutitsa, chifukwa ana a eni onse ndinawatenga, wanga ayi. Wanga anakana kuponda pa mchenga paja. Anzake anali atamunena kale kuti mayi ake ndi openga, ndipo manyazi amenewo sanamuchoke msanga. Mkazi mnzanga nayenso ankadziwa pamene pankandipweteka. Anamugwira mwanayo ndi manja awiri. Ankamuluka tsitsi, anamugulira diresi lalitali lofika m'mapazi, ankamulola kugwira kachipangizo kosinthira zithunzi. Kanema akazima ankakhala naye pakhonde, pamalo poti ndiziwaona bwino, awiri okha ndi lichero pakati pawo. Ndikamuitana mwanayo ankayang'ana pansi. Kwanga ankabwera kudzadya ndi kudzagona, mawu ake ochita kuwerenga. Ndinkaseka ndi ana a eni pabwalo, koma maso anga ali tsidya lija.

Tsiku lina mwamuna anawoloka njira. Anaima m'mphepete mwa bwalo manja m'chiuno, ana n'kusiya kusewera.

"Phokoso lakoli latikwana. Ndipo waononga ntchito ya mnzako, chimanga chikufumbwa. Leka zimenezi lero lomwe."

"Mwaima pabwalo pa yani?" ndinamufunsa.

Ndinamuyandikira n'kupitiriza.

"Pano ndi pa amayi anga. Inu munabwera pano ndi kachikwama kamodzi, mkamwini, amalume n'kukulozerani pomanga. Tsidya ilo lamulani mmene mufunira, kuno ayi. Ngati pali mlandu kaitaneni ankhoswe, ndidzawauze kuti ana akusewera."

Anayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwera pa mpira umene kamwana kena kanafumbata. Unali utada ndi dothi, koma maluwa achikasu ankaonekabe.

"Si kapulana ndinakugulira ija imeneyi?"

"Ndi yomweyo," ndinatero. "Ndi yolimba, munasankha bwino."

Anabwerera, analiza mota yake mwaukali n'kulowera ku maenje.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti mkazi mnzangayo nayenso anali mwana. Akamatongola pakhonde paja, mapazi ake ankasuntha okha mpira ukamauluka. Ulendo wina anakuwa kuti, "Gona pansi iwe!" kenako n'kudzigwira pakamwa. Loweruka lina masana ndinangoona akuwoloka njira, wopanda nsapato, siketi atakwinyira m'chiuno, bulauzi yoyera, mwana wanga atamugwira dzanja.

"Mana, masewera amenewa mukuyesa ndi anu okha? Ife ku Malowera tinkasewera sheya mpaka kuiwala kutunga madzi. Tiyeseko. Ine ndi uyu tikhala mbali imodzi."

Ndinamvetsa bwino lomwe. Ananditengera mwamuna, ananditengera mwana, tsopano ankafuna ndi bwalo lomwe, kuti ana aone kuti ngakhale pa mchenga wanga iye ndi wondiposa.

"Lowani pakati," ndinatero.

Ndinapita pa ndowa yowazira bwalo ngati ndikukasamba m'manja, mpira ndinauviika mpaka unamwa. Nsanza zikamwa madzi zimalemera. Sindikubisa, ndipo sindikupepesa. Ndinaima mbali ino, mtsikana wamtali uja anaima mbali inayo, pakati panalowa mkazi mnzanga, mwana wanga ndi tiana tina tingapo. Tianato ndinkatigenda mofewa m'miyendo, tinafa msanga n'kukakhala pambali. Mwana wanga sindinamulondole n'komwe. Ine ndinkafuna munthu mmodzi.

Ndipo munthuyo ankadziwa kuzinda, chilungamo ndinene. Ankadumpha, ankapinda msana, ankagwa chagada n'kudzukanso mpira usanabwerere. Ana anayamba kumuchemerera, ana anga omwe ndinawaphunzitsa ine.

"Mana, mkono wakalamba!" anakuwa akuseka.

Ndinaluma mano n'kudikira. Kudzikonda kumapusitsa. Mpira utadutsa n'kupita chakutali, iye anawerama kuthira mchenga m'botolo mosafulumira, akuwayang'ana ana kuti aone mmene amachitira. Sanaone kuti wamtali uja wautola kale n'kuuponya m'mwamba kubwera kwa ine. Ndinauwakha. Msana wake wonse unali kwa ine, woyera, wotambalala. M'mkono umenewo ndinaikamo zonse, mota, malata, mabisiketi, matuza a mwana wanga, ndi kumwetulira kuja. Mpira unamupeza pakati pa mapewa. Phwa! Anakuwa n'kugwada mumchenga, pa bulauzi patadindika matope ozungulira.

"Wafa!" ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika.

Pa moyo wanga ndadyapo zokoma, koma zimene zija sindidzaziiwala. Anadzuka akudzisisita, misozi ili lengelenge, n'kukakhala pambali pamodzi ndi tiana takufa. Ndikanatha kuvina.

Pakati panatsala mwana wanga yekha. Tsono masewera amenewa ali ndi lamulo lake. Wotsala yekha akakwanitsa kudzaza botolo n'kulikhuthula asanagendedwe, onse akufa a mbali yake amauka n'kulowanso. Ana anayamba kumukuwira kuti awadzutse. Ndipo pamwamba pa mawu onsewo ndinamva a mkazi mnzanga.

"Ndidzutse, mwana wanga! Dzaza garafa, mwana wanga!"

Mwana wake! Amene ndinamubereka ine, ndinamuyamwitsa ine, ndinamupalasira njinga ine kupita kuchipatala. Ndinati mumtima, ameneyu sauka lero, ngakhale zitatanthauza kupha wanga yemwe. Ndinalunjika miyendo ya mwanayo n'kuponya ndi mphamvu zanga zonse.

Anadumpha. Diresi lalitali lija analikwinya m'manja, mpira unadutsa pansi pake. Wamtali uja anaubweza msangamsanga, mwanayo anagona chafufumimba, unamudutsa pamwamba n'kugwera m'manja mwanga. Ndinaponyanso asanaimirire bwino. Anangopotoza chiuno, mpira unapita n'kukalowa pansi pa nkhokwe. Ine ndinatsala kukamwa kuli yasa.

"Amayi, ameneyu simungamuthe!" anakuwa wamtali uja akukwawira pansi pa nkhokwe. "Kushikola pa nthawi yopuma ndi amene amatimaliza tonse!"

Kani ana anali atapita nawo masewerawo kusukulu, ndipo wanga, amene ankakana kuponda pabwalo panga, ankathamanga kumeneko tsiku ndi tsiku ine osadziwa. Mbale yake inali itayamba kubwerera yoyera, chifuwa chinali chitachepa, ine n'kumathokoza mankhwala okha. Tsopano anali atanjuta pa mulu wa mchenga, manja onse awiri akuthira m'botolo, lilime lili pa mpata wa mano. Diresi linali litakwera, ndipo ndinaona mawondo ake onse awiri ali ndi nkhanambo, zina zatsopano, zina zopola kale. Pamene mpira unkatuluka pansi pa nkhokwe, iye anali atanyamula botolo m'mwamba n'kulizondotsa.

"Sheya!"

Akufa onse anauka ndi chimkuwo. Mkazi mnzanga anathamangira pakati, manja atatambasula kuti amufungatire. Mwanayo anamuzinda ngati mpira, anamudutsa m'khwapa, n'kudzandigunda ine ndi mutu pamimba mpaka ndinatsala pang'ono kugwa.

"Amama, mwandiphonya! Mwaona? Mwandiphonya konsekonse!"

Ndinamugwira. Anali wotentha, wonyowa ndi thukuta, mchenga uli m'tsitsi lolukidwa bwino lija. Ndinawerama n'kuika khutu pamsana pake. Mtima unkagunda ngati mtondo, mpweya unkalowa ndi kutuluka, ndipo kakulira kaja sindinakamve. Ndinamvetseranso kachiwiri kuti nditsimikize. Maso anga anayamba kundiwawa, ndinanamizira mchenga.

"Mwaphika chiyani?" anandifunsa akundikoka chitenje. "Njala yandipha ine. Ndipo mawa ndikhala mbali yanu, koma muziponya bwino, mukundichititsa manyazi."

Ndinadzutsa mutu. Mkazi mnzanga anali ataima pakati pa bwalo, manja ali m'malere, osadziwa kowaika.

"Mwauka ndithu," ndinamuuza, "koma masewera atha, mwana wanga akukadya. Chimanga chanu chikukudikirani."

Anawoloka njira yekha, chidindo cha matope chili pamsana, ndipo ine ndinamuperekeza ndi maso mpaka analowa.